Mutu 9: Mkuwa, Galasi ndi Mlengalenga: Mmene Makina Amalumikizirana M'mapiri a Dedza

Mukaima pa depoti ya Dedza m'mawa wa mu Juni, nkhungu itangoyamba kukanganuka, chimene chimayamba kuoneka pamwamba pa phiri ndi nsanja zachitsulo zitabereka mbale zoyera ngati ng'oma. Phirilo limafika mamita 2,198, ndipo tawuniyo payokha ili pa mamita pafupifupi 1,600, moti m'Malawi muno mulibe tawuni ina yokwera chotere. N'chifukwa chake foni ikakana, kapena kompyuta ya mu ofesi ikayamba kungozungulira osatsegula kanthu, anthu amaponya maso kuphiri komweko n'kuusa moyo: "Netiweki yathawa." Nthawi zina amalasa ndithu. Koma amisiri amene amaitanidwa kukakonza amadziwa kuti kawirikawiri wolakwa sakhala kuphiri. Amakhala kuseri kwa kabati kumene khoswe anatafuna chingwe, kapena m'kati mwa makina awiri amene sanamvane kuti azilankhulana motani.

Uthenga wa pa intaneti umayenda ngati munthu wa ku Mayani wopita ku Dar es Salaam. Ayamba ndi kabaza, akwera minibasi, kenako basi yaikulu, ndipo paliponse posinthira pamafunika kumvana ndi wonyamula. Zonyamula zake zilipo zitatu: magetsi oyenda mu waya wa mkuwa, kuwala koyenda mu ulusi wa galasi, ndi mafunde a wailesi odutsa mumlengalenga. Amene amasankhira munthu chonyamula ndi mtunda, mphenzi, mitengo ndi thumba lake. Akasankha, ntchito imakhala ikadalipo, pakuti makina a kunsonga zonse ziwiri za njirayo ayenera kugwirizana kaye asanatumizirane ngakhale chilembo chimodzi.

Timawaya 8

Chingwe chimene chimalowa kumbuyo kwa kompyuta ndi kamutu koonekera m'kati chija chimatchedwa cha Ethernet. Njira imeneyi anaiyamba Robert Metcalfe ndi anzake ku Xerox PARC, ku California, mu 1973. Mukachisenda mupeza timawaya 8 topotana tiwiritiwiri ngati chingwe cha khonje. Kupotanako kuli ndi ntchito. Phokoso la magetsi lochokera ku jenereta kapena ku mawaya a ESCOM limagunda timawaya tiwirito mofanana, ndipo makina olandira amangowerenga kusiyana kwa tiwirito, phokoso lija n'kuzimirira lokha. Mmisiri waulesi akamasula kupotanako kwautali wa chala pofuna kulowetsa timawaya m'kamutu mosavuta, wachotsa chitetezo chimenechi.

Timawayato sitilowa mwachisawawa. Dongosolo lofala, lotchedwa T568B, limayamba ndi koyera kamizere ya olenji, kenako ka olenji, koyera kamizere yobiriwira, ka buluu, koyera kamizere ya buluu, kobiriwira, koyera kamizere ya bulauni, n'kumalizira ka bulauni. Ophunzira ntchitoyi amaliloweza ngati matebulo a ku pulayimale.

Malire a chingwe chotere ndi mamita 100, utali wa bwalo la mpira. Chikapitirira pamenepo chikhoza kugwira ntchito lero, mawa n'kukana, ndipo palibe amene angakuuzeni tsiku lake. Pali chinanso chimene chimasokoneza anthu ambiri. Liwiro la mamegabiti 100 pa sekondi, limene linakhazikitsidwa mu 1995, limagwiritsa ntchito timawaya 4 tokha. Liwiro la mamegabiti 1,000, la mu 1999, limafuna tonse 8. Choncho khoswe akadula kawaya ka buluu kapena ka bulauni kokha, intaneti siduka ayi. Makina ambiri amangotsika mwakachetechete kuchoka pa 1,000 kufika pa 100, kanyali ka pamene chingwe chimalowa kakupitiriza kuphethira ngati zonse zili bwino, anthu n'kumadandaula kwa chaka chathunthu kuti kompyuta yakalamba.

Pogula chingwe pamafunikanso maso. M'mashopu muli zingwe zotchipa zolembedwa Cat6 pabokosi, koma m'kati mwake muli aluminiyamu wongopakidwa mkuwa pamwamba. Mukapala kawaya kamodzi ndi mpeni n'kuona koyera m'kati, chibwezeni. Chingwe chotere chimathyoka msanga, sichifika mamita 100 aja, ndipo chimatentha chikanyamula magetsi.

Inde, chingwe chomwechi chimathanso kunyamula magetsi. Luso limeneli, lotchedwa Power over Ethernet, linavomerezedwa mu 2003, ndipo Dedza inaliona msanga kuposa mmene ambiri angaganizire. Bungwe la Baobab Health, limene Gerry Douglas anayambitsa ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, linkaika m'zipatala timakompyuta tolemba pongogunda ndi chala pagalasi. Mu 2007 chipatala cha boma cha Dedza, pamodzi ndi cha Salima, chinali m'gulu la zipatala zoyamba za m'maboma kulandira makina a bungweli osungira mbiri ya anthu olandira ma ARV. Nzeru yake inali pa chingwe. Kakompyuta kalikonse kankalandira uthenga ndi magetsi omwe kudzera m'chingwe chimodzi, chochokera pamalo amodzi pamene panali mabatire akuluakulu. Magetsi akazima, namwino ankapitiriza kulemba. Panalibenso soketi ya kakompyutako yoti munthu azule kuti atchaje foni yake, ndipo amene wagwirako ntchito mu ofesi ya kwathu kuno akudziwa kuti imeneyi si nkhani yaing'ono.

Kumvana kwa makina

Mukalowetsa chingwe, pamapita kamphindi kanyali kasanayake. M'kamphindi kameneka makina awiriwo amakhala akulonjerana. Amauzana zimene aliyense angathe: "Ine ndimatha 10, 100 ndi 1,000." "Ine ndimalekeza pa 100." Akatero amatenga liwiro lapamwamba limene onse angalikwanitse. Pa zenera la makonzedwe, mchitidwewu umangolembedwa kuti auto.

Kupatula liwiro, amagwirizananso za mwambo wa kalankhulidwe. Mwambo wakale, half duplex, ndi wa pabwalo la amfumu: amalankhula mmodzi, enawo ali chete. Awiri akayamba pamodzi, onse amaima, n'kudikira pang'ono, mmodzi n'kuyambiranso. Mwambo watsopano, full duplex, uli ngati msewu wa M1: wopita ku Lilongwe ali ndi mbali yake, wopita ku Ntcheu ali ndi yake, palibe wodikira mnzake.

Tsoka limabwera pamene munthu walowerera mbali imodzi yokha. Ndinaziona ndi maso pa ofesi ina kufupi ndi Bembeke, kumene m'bale wanga ankagwira ntchito. Kwa miyezi itatu anthu ankanyoza kampani yowagulitsa intaneti. Uthenga waufupi unkapita bwinobwino, koma lipoti lokhala ndi zithunzi linkakwawa mpaka munthu kumwa tiyi n'kutsuka kapu. Anawonjezera bandulo, osathandiza. Anasintha chingwe, chimodzimodzi. Potsiriza anaitana mnyamata wina wa ku Lilongwe, amene anafika atavala jekete ziwiri chifukwa anali atamva za kuzizira kwa kumeneko. Sanakhudze chingwe n'komwe. Anatsegula laputopu yake, n'kulowa m'makonzedwe a switch, bokosi lija lokhala ndi timabowo tambiri limene zingwe zonse za mu ofesi zimakumanako. Anayang'ana manambala a zolakwika, amene ankakwera ngati mita ya madzi pampopi wosatseka.

"Achimwene, anakonza switch imeneyi ndani?"

"Amene analipo kale aja. Ankati auto ndi ya aulesi, mmisiri weniweni amatchera yekha."

Mnyamatayo anangoseka. Mkulu uja anali atakhomerera bowo limodzi la switch pa 100 full duplex, koma rauta ya kunsonga inayo anaisiya pa auto. Makina okhomeredwa amasiya kulonjera. Mnzake wa auto, posamva moni, amatha kuzindikira liwiro poona mmene magetsi akuyendera, koma za mwambo sangazidziwe, ndiye amatsata lamulo limene anapatsidwa: ukakayika, tenga half duplex. Zotsatira zake zili ngati kukhazika munthu waulemu wa pabwalo pamodzi ndi munthu wolankhula osapuma. Waulemuyo akangoyamba chiganizo, mnzake amamudula. Iye amaima, n'kuyambiranso, n'kudulidwanso. Nkhani ikakhala yaifupi imatheka, koma ikatalika amangobwereza mawu omwewo mpaka dzuwa kulowa.

Kukonza kwake sikunathe ngakhale mphindi imodzi: anabwezera bowo lija pa auto. Ndalama ya minibasi ndi nkhomaliro yake inaposa mtengo wa ntchitoyo, ndipo palibe amene anapepesa kampani ija. Ine maganizo anga ndi akuti makina a masiku ano azisiyidwa pa auto mbali zonse. Ngati pali chifukwa chenicheni chokhomerera, monga makina akale amene salonjera bwino, zikhomeredwe nsonga zonse ziwiri mofanana, ndipo zilembedwe papepala lomatidwa pabokosipo, chifukwa wokonza mawa adzakhala wina.

Mphenzi ndi galasi

Walira mvula walira matope, ndipo m'mapiri a Dedza mvula imene imakulitsa mbatatesi ndi kabichi imabwera ndi mphenzi. Sukulu kapena chipatala chokhala ndi nyumba zingapo chimafuna kuzilumikiza, ndipo njira yotchipa imaoneka ngati kukoka chingwe cha mkuwa kuchoka pa denga ili kufika pa denga ilo. Chilimwe chonse zimayenda. Ikafika Disembala, mphenzi siyenera kuchita kugunda chingwecho. Ikangogwa pa bulugamu wapafupi, mphamvu yake imalowa mu waya wotambalala panjapo, n'kutsata mpaka m'nyumba zonse ziwiri. M'mawa mwake mumapeza switch ikununkha pulasitiki wopsa, nthawi zina pamodzi ndi makompyuta olumikizidwa pamenepo.

Galasi silinyamula magetsi, n'chifukwa chake pakati pa nyumba ndi nyumba amisiri odziwa amaumirira faiba, ulusi wa galasi uja, ngakhale mtunda utakhala mamita 40 okha. Charles Kao ndi mnzake George Hockham ndiwo anaonetsa mu 1966 kuti galasi loyeretsedwa bwino likhoza kunyamula kuwala mtunda wautali, ndipo Kao analandira mphotho ya Nobel mu 2009. M'chaka chomwecho cha 2009 chingwe cha pansi pa nyanja cha SEACOM chinayamba kugwira ntchito, chikutsikira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo, ndipo cha EASSy chinatsatira mu 2010. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yathu yambiri imachita kudutsa m'maiko oyandikana nawo kuti ikafike ku zingwe zoterezi. M'dziko muno, ntchito ya boma yoyala msana wa faiba inayamba mu 2017, ndi ngongole ya banki ya Exim ya ku China, omanga ake a Huawei, ndipo ulusi wambiri unapachikidwa pa mizere ya magetsi ya ESCOM.

Faiba ilipo ya mitundu iwiri, ndipo kuisokoneza n'kotaya ndalama. Ya single-mode ili ndi mtima wopyapyala zedi, mamaikiromita 9, pamene tsitsi la munthu limakhala lonenepa kangapo kuposa pamenepo. Imeneyi imayenda makilomita ambirimbiri. Ya multimode ili ndi mtima wa mamaikiromita 50 kapena 62.5 ndipo imangokwanira mamita mazana ochepa. Kunsonga kwake kumalowa kachipangizo kangati chala, SFP, kamene kamasandutsa magetsi kukhala kuwala. Tiwiri ta kunsonga ziwirizo tiyenera kukhala ta mtundu umodzi, liwiro limodzi ndi kuwala kofanana. Kamodzi kakamawala pa mananomita 850 ndipo kanzake kakudikira 1,310, sitidzaonana mpaka kalekale, ngakhale timitu take talowa bwinobwino.

Cholakwika chofala kwambiri n'chochititsa manyazi. Chingwe cha faiba nthawi zambiri chimakhala ndi ulusi uwiri, wina wotumiza wina wolandira. Pakamwa pa makina awa payenera kuloza khutu la makina awo. Wina akalumikiza pakamwa ndi pakamwa, nyali siyaka, ndipo munthu akhoza kukwera minibasi kukabweza katundu wabwinobwino ku Lilongwe pamene chofunika chinali kungosinthanitsa timitu tiwiri. Adani ena ndi fumbi ndi kupinda. Kachitsotso kamodzi pansonga kamaphimba mtima wonse wa ulusiwo, ndipo chingwe chopindidwa ngati waya womangira mpanda chimataya kuwala pa ngodyapo. Osasuzumiranso m'kati mwa faiba pofuna kuona ngati ikuyaka. Kuwala kwake nthawi zambiri sikuoneka ndi maso, koma kukhoza kuwononga diso.

Kumene chingwe sichifika

Boma la Dedza silili pamwamba pokha. Kuchoka pa tawuni kutsikira ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka, dziko limagwa mamita pafupifupi 1,000, ndipo amene anatsikapo msewu wa Khwekhwelere sangafunse chifukwa chimene kukumba ngalande ya chingwe kumeneko kulili kodula. Apa m'pamene mbale zija zimagwira ntchito. Ziwiri zikayang'anizana, phiri ili ndi phiri ilo, zimatumizirana uthenga pamwamba pa zigwa ndi mitsinje popanda khasu kukhudza nthaka.

Anthu ambiri amaganiza kuti bola ukuona nsanja inayo ndi maso, basi zatheka. Sizili choncho. Mafunde a wailesi sayenda m'kamzere kopyapyala ngati ulusi. Amatenga malo ooneka ngati mbatata ya kholowa, yosongoka kunsonga, yonenepa pakati. Malowa amatchedwa ndi dzina la Augustin Fresnel, katswiri wa ku France wa za kuwala. Pa mtunda wa makilomita 10, mafunde a 5 GHz amatambalala mamita pafupifupi 12 mbali iliyonse akafika pakati, ndipo pamafunika kuti mamita 7 mwa amenewa akhale opanda chotchinga. Mtengo umene suphimba maso anu ukhoza kukhala ukudya gawo la mafundewo chapansi.

Ndipo mitengo imakula. Dedza ndi dziko la paini, kuchokera m'mbali mwa phiri la tawunilo mpaka kunkhalango ya Chongoni. Mbale yoikidwa pamene paini anali m'chiuno imagwira bwino kwa zaka zingapo, kenako n'kuyamba kufooka pang'onopang'ono, makamaka masamba akanyowa, popanda munthu amene wakhudza chilichonse. Mitengo ya m'nkhalango ya boma sungangoidula chifukwa ikutchinga imelo. Chotsala n'kukweza mlongoti kapena kusamutsa mbale.

Nkhungu ya Juni, imene anthu amakonda kuinamizira, siivuta kwenikweni mafunde a 5 GHz. Mvula yamphamvu ndiyo imavuta mbale zogwiritsa ntchito mafunde opitirira 10 GHz, popeza madontho ake amamwa mphamvu ya mafundewo. Makina amakono ali ndi makonzedwe oti mvula ikakula azitsitsa liwiro m'malo moduka, monga mmene munthu amalankhulira pang'onopang'ono ndi momveka pamene mvula ikusokosa pamalata. Mawailesi awiriwo ayeneranso kugwirizana tchanelo, kukula kwa tchanelocho, ndi mmene mbale zaimikidwira, chilili kapena chogona. Mafunde enanso sagwiritsidwa ntchito popanda chilolezo cha MACRA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998.

Akatswiri athu anayesapo njira ina yolimbana ndi mitengo ndi zitunda. Mu 2013, gulu la ku Chancellor College lotsogozedwa ndi Chomora Mikeka, mogwirizana ndi MACRA, linagwiritsa ntchito matchanelo a wailesi yakanema amene ankangokhala, potumiza intaneti kusukulu ndi kuchipatala m'boma la Zomba. Mafunde otsika ngati amenewa amapyola masamba bwino kuposa a Wi-Fi. Kuyambira 2023 kwabweranso Starlink, imene masetilaiti ake amazungulira pa makilomita pafupifupi 550, kusiyana ndi akale a pa makilomita 35,786 amene ankachedwetsa yankho ndi theka la sekondi kapena kuposa. Koma nayonso imafuna thambo loyera. Mbale yake ikaikidwa pansi pa mtengo wa mapeyala imaduladula, ndipo chingwe chake chochokera padenga n'chamkuwa, choncho nkhani ya mphenzi ija ikadalipo.

Za Wi-Fi ya m'nyumba tisachulutse mawu. Ya 2.4 GHz imapyola makoma a njerwa zootcha bwino koma ili ndi matchanelo atatu okha osaphana, 1, 6 ndi 11. Ya 5 GHz ndi yachangu koma imafooka ikadutsa makoma awiri kapena atatu. Chimene chimapha zonse ziwiri ndi chitsulo. Ndaonapo rauta itatsekeredwa m'kabati yachitsulo ya mafayilo poopa akuba, makiyi ali ndi abwana, antchito akuyenda ndi malaputopu m'khonde kusaka pamene pakugwira.

Foni ya maiko awiri

Dera limeneli lilinso ndi vuto lakelake limene a ku Kasungu sangalimvetse. Kuchoka pa Dedza kulowera ku Lizulu, msewu wa M1 umayenda m'mphepete mwenimweni mwa malire ndi Mozambique, moti malo ena munthu amagula tomato dziko lina n'kudzakwera minibasi dziko lina. Mafunde sadziwa chipata cha malire cha Calomue. Foni kapena rauta yoyendera simu ya TNM kapena Airtel, ikasiyidwa kuti izisankha yokha, imatsata nsanja imene ikumveka. Nsanja ya kwathu ikabisika kuseri kwa chitunda, imatha kulumphira ya kutsidya, pazenera n'kuoneka dzina la kampani ya ku Mozambique. Bandulo yanu kumeneko siidziwika. Mwina intaneti imangoima, mwina mayunitsi amayamba kutha pa mitengo ya alendo.

Apa ndiye pamene auto, imene ndaitamanda pa chingwe, ndimaikana. Rauta ya pa shopu kapena pa sukulu ya kumalire iyenera kuuzidwa dzina la kampani yake ndi dzanja, ndipo kabokosi kolola kugwiritsa ntchito netiweki yakunja kazimitsidwe. Ena amaikhomereranso pa 4G yokha kuti isamagwere pa 3G kapena 2G nthawi iliyonse imene mphamvu yatsika pang'ono, ngakhale kuti kutero kuli ndi mtengo wake: tsiku limene 4G yazima, rautayo imangokhala duu, osafunafuna ina. Ikafookabe, chotsatira ndi kamlongoti kakunja kolunjika mbali imodzi, komangidwa pa nsungwi kapena paipi pamwamba pa malata, nkhope yake italoza nsanja ya kwathu ndipo msana utafulatira Mozambique. Mmodzi amakwera padenga n'kumapotoza pang'onopang'ono, wina ali pansi maso pazenera akuwerenga manambala mofuula. Manambalawo ali ndi chizindikiro chochotsera, choncho -85 ndi wabwino kuposa -105, ndipo wapansiyo akapanda kudziwa zimenezi amamuuza mnzake kuti amange pamene pali poipa kwambiri.